Kalata Yosamutsa Ikanena Kuti: Mulanje

Chaka chilichonse mabanja ena a kunyanja amalandira kalata yowauza kuti asamuke. Mphunzitsi wa ku Mangochi, namwino wa ku Salima, wapolisi wa ku Nkhotakota, ngakhalenso mwana wathu amene wakhala zaka zambiri pa ntchito ku Limbe, onsewa tsiku lina amauzidwa kuti akufunika kwina. Kalatayo ikanena kuti Mulanje, ambiri amangoganiza za phiri ndi minda ya tiyi yobiriwira monga amaonera pa zithunzi za kalendala. Zimenezo ziliko ndithu, koma bambo ndi mayi amene akumanga katundu ali ndi mafunso ena: tikagona m'nyumba yotani, tikadya chiyani, ana akaphunzira kuti?

Choyamba dziwani kuti boma la Mulanje ndi lalikulu koma tauni yake ndi yaing'ono. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma lonse, koma okhala pa boma penipeni sanafike ndi 20,000 omwe. Maofesi a boma, polisi ndi chipatala chachikulu zili pa boma, pamene malonda ambiri ali pa Chitakale, kamtunda pang'ono polowera ku Blantyre. Munthu wozolowera Limbe adzaona kuti usiku umafika msanga kuno; ikangokwana nthawi ya Isha, msewu uli zii. Chimene chasowa m'sitolo mukachipeza ku Limbe, ulendo wa makilomita pafupifupi 65 pa msewu wa Midima, kapena kuzungulira pa Luchenza ndi Thyolo. Kum'mawa, makilomita pafupifupi 30, kuli chipata cha Muloza cholowera ku Milange m'dziko la Mozambique, ndipo msika wa Limbuli umene uli kufupi ndi chipatacho ndi umene amayi odziwa kusunga ndalama amaguliramo chimanga ndi nandolo.

Tsono za nyengo. Apa ndi pamene munthu wa kunyanja amadabwa kwambiri. Ife tinazolowera kugona ndi chitenje chokha, mwana n'kumasamba m'nyanja dzuwa lisanatuluke. Ku Mulanje, kuyambira May mpaka August, kumabwera chiperoni, kamvula kowaza kozizira kochokera kum'mwera chakum'mawa, kamene kanatenga dzina lake ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Kakayamba kamatha masiku atatu kapena anayi dzuwa osaoneka. Zovala siziuma pa chingwe, ufa umachita nguwi, usipa umene agogo anakupatsani pochoka umayamba kununkha. Mabuku, ndi Msahafu womwe, musaziyedzamitse ku khoma. Ziikeni pa thandala lotalikira pansi. Gulani mabulangete ndi majuzi a ana musananyamuke, ndipo mayi asaiwale kufunditsa madzi a wudhu wa Subuhi chifukwa madzi a m'mipopi kuno amatsika m'phiri ali ozizira ngati a m'firiji. Ana ena amayamba ulesi wa swala chifukwa cha madzi okhawa. Komabe musapusitsidwe ndi kuzizirako n'kusiya masikito kumudzi: udzudzu ulipo, malungo aliponso.

Phirilo ndi lokongola, palibe angatsutse. Nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, mkungudza umene ndi mtengo wa fuko lathu kwawo n'komweko, ndipo mu July 2025 bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa malo ofunika a dziko lonse lapansi. Koma phiri lomwelo limatsitsa madzi ndi miyala. Mu March 1991, pamene Phalombe anali adakali mbali ya boma la Mulanje, madzi osefukira ochokera m'phiri la Michesi anapha anthu mazanamazana. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zomwezo ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Midzi inakokoloka, milatho inaduka, ndipo mitembo ina sinapezeke mpaka lero. Eni dera amati wadutsa Napolo. Inu simuyenera kukhulupirira za Napolo kuti mumvetse chimene akuluakuluwo akunena, chifukwa iwo akudziwa bwino khwawa limene madzi anadzera kale. Choncho pofuna nyumba ya lendi musangofunsa mtengo ndi magetsi. Funsani kuti mu 2023 madzi anafika pati. Mukaona miyala ikuluikulu yobulungira ili mbwee pafupi ndi nyumba, dziwani kuti sinabwere ndi ngolo. Nyumba yotsika mtengo ya m'mbali mwa mtsinje isiyeni, ngakhale mwini wake alankhule mokoma bwanji.

Za chakudya n'zosakaniza. Chambo cha lero muiwale. Chikapezeka ndi chodula ndiponso chayenda ulendo wautali. Nsomba za kuno ndi zouma, matemba a ku Chilwa ndi usipa wochokera kwanu komweko. M'malo mwake mudzadya nanazi, nthochi ndi mapeyala mpaka ana kukana okha. Mudzaonanso kalongonda, chakudya chimene Alhomwe amachinyadira. N'chololedwa kudya, koma musachiphike mongoganizira, chimafuna kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, apo ayi chimaledzeretsa ndi kudwalitsa. Pemphani mayi woyandikana naye akuphunzitseni, ndipo ubwenzi uyambira pomwepo.

Nkhani yovuta ndi ya nyama. Kunyanja sitifunsa kuti mbuziyi wazinga ndani chifukwa tikudziwa kale. Kuno Asilamu ndi ochepa, nkhumba imagulitsidwa poyera m'misika yambiri, ndipo pa chiwaya chimodzi pamatha kukazingidwa nyama zosiyanasiyana. Sabata yoyamba funsani ku mzikiti kuti Asilamu amagula kwa ndani, ndipo mugwiritse pomwepo. Mabanja ambiri amaona chapafupi kugula nkhuku yamoyo n'kuzinga okha. Ana auzeni bwinobwino za chiwaya ndi za mbewa asanapite kusukulu, koma muwauzenso kuti asanyoze chakudya cha mnzawo. Mwana amene wanena kuti "kwathu sitidya, zikomo" amalemekezedwa. Amene walavula malovu pansi wayambanitsa makolo.

Anthu ambiri a m'bomali ndi Alhomwe, amene makolo awo anabwera ambirimbiri kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900, ambiri n'kumagwira thangata m'minda ya azungu. Tiyi anayamba kulimidwa kuno mu 1891, ndipo mpaka lero makampani monga Lujeri ndi Eastern Produce ali ndi minda ikuluikulu. N'chifukwa chake malo ndi osowa. Musayembekeze kuti mfumu ikupatsani munda monga zimachitikira kwina. Mwezi wa October Alhomwe amasonkhana pa Chonde ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ndipo msewu umadzaza. Amang'anja aliponso, Ayao aliponso kuyambira kale: maina a mafumu monga Chikumbu ndi Mkanda ndi a Chiyao. Koma apa samalani. Ayao ambiri a mbali ino analowa Chikhristu kudzera m'mishoni ya Church of Scotland, kotero kuti munthu akakuyankhani m'Chiyao musafulumire kuganiza kuti mukumana naye pa Ijumaa. Chinthu chimodzi chimene simudzachiona chachilendo ndi chikamwini, pakuti Alhomwe nawonso amatsata kuchikazi monga ife.

M'tauni yaing'ono mlendo sabisika. Ku Ndirande mutha kukhala chaka chathunthu woyandikana naye osadziwa dzina lanu. Kuno pofika mawa lake onse adziwa kuti mwabwera ndi mipando ingati. Musadikire kuti akufufuzeni. Pitani kwa mfumu ya dera limene mwapeza nyumba, mwini nyumba akuperekezeni, mukanene dzina lanu, kumene mwachokera ndi ntchito imene mwadzera. Ena amaona ngati n'zachikale, koma kumbukirani za mu September 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi Phalombe. Anthu angapo anaphedwa ndi magulu olusa popanda mlandu, ndipo amene anali pa ngozi kwambiri anali anthu osadziwika m'mudzi. Masiku ngati amenewo munthu amapulumuka chifukwa mfumu yanena kuti "uyu ndi wathu". Ndipo maliro akagwa pafupi, kaya ndi a mpingo wanji, pitani mukakhale nawo pansi. Kusapita kumaliro ndi mlandu umene mudzi suiwala.

Ku mbali ya ana, madrasa sali pa ngodya iliyonse monga ku Mangochi. Mwina mwana ayenda mtunda, mwina mwalimu ndi mmodzi wa ana a misinkhu yonse, ndipo nthawi ya mvula, mitsinje ikadzaza, masiku ena sapita n'komwe. Ine monga mwalimu ndinene mosabisa: mwana amene wasiya kuwerenga miyezi isanu ndi umodzi amabwerera pa alifu. Ngati nyumba yabwino ili kutali ndi mzikiti ndipo ina yocheperako ili pafupi, sankhani yapafupiyo. Zikakanika, bambo kapena mayi apatule theka la ola pakati pa Maghrib ndi Isha kumvetsera mwana akubwereza masura ake. Bambo wa pa ntchito akambiranenso ndi abwana ake za nthawi ya Ijumaa sabata yoyamba yomweyo, pakuti si abwana onse kuno amene anagwirapo ntchito ndi Msilamu.

Pali funso lina limene anthu safuna kulifunsa pofika malo atsopano, koma ndi loyenera kufunsidwa onse ali moyo. Manda a Asilamu ali kuti? Osambitsa maliro a amuna ndi a akazi ndani? Sanda imagulidwa kuti usiku? Ife sitisunga mtembo masiku, ndipo kunyamula maliro kuchoka ku Mulanje kupita ku Makanjira kapena ku Nkhotakota ndi ulendo wa tsiku lonse ndi ndalama zambiri za galimoto, zimene mabanja ena amatha chaka akubweza ngongole yake. Kambiranani ndi eni mbumba kumudzi musananyamuke, kuti Allah akaitana mmodzi wa inu, muike konko kapena mubwere naye kwanu. Mukafika, kalembetseni maina anu kwa shehe wa pa mzikiti ndipo muyambe kusonkha nawo za maliro mwezi woyamba womwewo.