Dzino lachitsulo silibowoka, koma fupa limadyeka

Ku Chadiza dzino likavuta, ambiri amangoti "kazuleni", mpata n'kutsala moyo wonse. Amene ali ndi kangachepe ali ndi njira ina m'zipatala zolipira za ku Lusaka: dokotala amaboola nsagwada, n'kulowetsamo kachitsulo ka titanium, pamwamba n'kuvekapo dzino lopanga. Njirayi inayamba ku Sweden, kumene Per-Ingvar Brånemark anaika zitsulo zotere m'kamwa mwa wodwala wake woyamba mu 1965, ataona kuti fupa limagwirana ndi titanium.

Dzino lotere silibowoka, n'zoona. Koma litsiro la m'kamwa limakanirira pachitsulo monga limachitira pa dzino lobadwa nalo. Nkhama zimatupa, zimatuluka magazi potsuka, nthawi zina mafinya, ndipo pansi pake fupa limakhala likudyeka. Madokotala amati peri-implantitis. Choopsa chake n'chakuti nthawi zambiri sipapweteka. Munthu amadya chimanga chootcha bwinobwino, ndipo dzino likamadzayamba kugwedera, fupa latha kale. Kafukufuku wa Jan Derks ndi Cristiano Tomasi wa mu 2015 anapeza kuti mwa anthu 100 oikidwa mano otere, pafupifupi 22 amadwala matendawa.

Akagwidwa msanga, nkhama zokha zitatupa, kutsukidwa kuchipatala ndi mswachi wa tsiku ndi tsiku zimakwanira. Akafika pafupa, ntchito imakula. Dokotala amang'amba nkhama, kupala chitsulo mpaka chiyere, pena kudzaza dzenjelo ndi fupa loikirira, ndipo zikakanika amachotsa chitsulo chonse. Makapisozi ogula pagolosale sachiza zimenezi.

Apa m'pamene munthu wa kwa Zingalume kapena kwa Mlolo, m'boma la Chadiza, ayenera kuwerengera bwino. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 500, pomwe dzino lotere limafuna kuonedwa kawirikawiri, ndi X-ray yomwe, zaka zonse. Ndalama ya basi ya maulendo amenewo ndi mbali ya mtengo wa dzinolo, ndipo dokotala wabwino ayenera kunena zimenezi asanagwire chida.

Amene mano ake anaguluka chifukwa cha matenda a nkhama ndiye ali pachiopsezo chachikulu, ndipo fodya ndi shuga wosasamalidwa zimawonjezera vuto. Wotere ayambe wapita kuchipatala cha boma ku Chadiza kapena ku Chipata Central Hospital, nkhama zipole kaye, asanalipire chitsulo ku Lusaka.