Chimfine cha nyengo ya udzu: mankhwala opopera m'mphuno safuna phuma

Kodi chaka chilichonse mvula ikayamba ndipo udzu ukakula, mumayetsemula osalekeza? Mamina amadzimadzi kuchucha, maso kuyabwa, mphuno kutsekeka usiku wonse, koma thupi osatentha? Chimenecho si chimfine wamba, chomwe chimatha pasanathe masabata awiri. Madokotala amachitcha hay fever, ndipo chimabwera thupi likamadana ndi mungu wa udzu kapena wa mitengo. Sichipatsirana.

M'madera a migodi monga Carletonville, Welkom ndi eMalahleni, mungu wa mitengo umayamba cha m'ma Ogasiti kapena Seputembala, ndipo wa udzu umatsatira mpaka kumapeto a dzinja. Onjezanipo fumbi lochokera pa milu ya mchenga wa m'migodi pamene mphepo ikuwomba, mphuno sizipuma.

Ambiri amathamangira mapiritsi a Allergex kapena Piriton. Amathandiza ndithu, koma amagonetsa. Munthu woyendetsa makina pansi pa nthaka sayenera kulowa shifiti akusinza. N'chifukwa chake ku kiliniki angakupatseni kabotolo kopopera m'mphuno ka mankhwala a corticosteroid, monga beclomethasone, fluticasone, budesonide kapena mometasone. Amenewa amaphwetsa kutupa kwa m'kati mwa mphuno ndipo sabweretsa tulo. Musaope dzinalo: si mankhwala aja okulitsa minofu amene onyamula zitsulo ena amamwa.

Vuto lake n'lakuti sagwira ntchito pompopompo. Munthu amapopera lero, mawa n'kunena kuti nesi wandipatsa madzi, botolo n'kuliponya pansi pa bedi. Kusintha kumayamba pakatha masiku angapo, ndipo mphamvu yake yonse imatha kutenga masabata awiri. Poperani tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene mukumva bwino. Ngati mwezi umene vutoli limakuyambani mukuudziwa, yambani kupopera kudakali masabata awiri.

Kapoperedwe kake n'kofunika kwambiri, ndipo n'kumene ambiri amaphonya. Minani kaye, kenako khutchumulani botolo. Likakhala latsopano, poperani m'mwamba kangapo mpaka litulutse nkhungu. Weramitsani mutu pang'ono ngati mukuyang'ana zala za kumapazi, osagadamitsa ayi. Popopera mphuno ya kumanzere gwirani botolo ndi dzanja lamanja, ndipo ya kumanja ndi dzanja lamanzere. Mukatero kamwa la botolo limaloza chakukhutu, kutali ndi kakhoma kapakati kolekanitsa mphuno ziwiri. Kakhoma kameneka n'kofewa, ndipo kupoperapo tsiku ndi tsiku kumayambitsa kamfuno. Kokani mpweya pang'onopang'ono, osati ngati mukununkhiza fodya. Mukamva kuwawa kwa mankhwala pakhosi ndiye kuti mwakoka kwambiri, mankhwala apita m'mimba m'malo motsala m'mphuno.

Akuluakulu nthawi zambiri amayamba ndi kupopera kawiri mphuno iliyonse: kamodzi patsiku ngati ndi fluticasone kapena mometasone, m'mawa ndi madzulo ngati ndi beclomethasone. Tsatirani zimene zalembedwa pa botolo lanu. Kuuma m'mphuno ndi timagazi pang'ono pomina zimachitika, koma magazi akamatuluka kawirikawiri siyani kaye mukaonane ndi nesi. Botolo ndi la munthu mmodzi, musabwerekane ndi anzanu a m'chipinda, ndipo musapopere ana kapena amayi oyembekezera musanafunse ku kiliniki.

Musasokoneze mankhwalawa ndi aja otsekula mphuno m'mphindi zochepa, monga Iliadin ndi Otrivin. Amenewo musapitirize masiku 5. Mukawazolowera mphuno zimatsekeka kuposa kale, n'kumangofuna kupoperanso.

Ngati mukumwa ma ARV, nenani musanalandire kapena kugula botolo. Mankhwala okhala ndi ritonavir, monga Aluvia kapena atazanavir wophatikiza ndi ritonavir, amalepheretsa chiwindi kuchotsa fluticasone, budesonide ndi mometasone m'thupi. Mankhwalawo amaunjikana m'magazi, nkhope n'kutupa, shuga ndi BP n'kukwera. Zikatero madokotala amasankha beclomethasone. Omwa TLD alibe vuto limeneli. Ambiri amalandira ma ARV kumudzi kapena ku chipatala cha m'tauni, choncho nesi wa pamgodi sangadziwe mukapanda kumuuza. Tengani botolo la mapiritsi anu mukamuonetse. Ma ARV musasiye.

Mankhwala a m'mphuno safika m'mapapo, ndipo sakutetezani ku fumbi la miyala. Masiki yanu muzivalabe. Mukamakhosomola kwa masabata awiri kapena kuposerapo, kutuluka thukuta usiku, kuonda, kapena kubanika mukayenda pang'ono, musanene kuti ndi udzu. Pitani mukayezetse makhololo ndi kujambulitsa chifuwa, chifukwa TB ndi silicosis zimayamba choncho.