Kuphunzira Kuponya Mivi

Kale alenje a m'midzi monga ya ku Mauwa, m'boma la Chiradzulu, ankaphunzira kulasa akali anyamata. Mnyamata wofuna luso limeneli ayenera kudziŵa chiŵerengero cha mivi yoti aponye asanapumule.

Wongoyamba kumene aponye mivi itatu yokha. Kukoka uta kumatopetsa mkono, ndipo mkono wotopa umanjenjemera, muvi nkuphonya chandamale. Komanso mivi ikachuluka pa chandamale imagundana ndi kuthyoka. Akatha itatuyo, woponya aone pamene yalasa kuti akonze zimene walakwitsa. Mkono ukakhwima, angathe kuponya isanu ndi umodzi.

Akatswiri nawonso amatero. Pa maseŵera a Olympic, amene Areneo David anakaimirako Malaŵi ku Rio de Janeiro m'chaka cha 2016, aliyense amayamba ndi kuponya mivi 72 pa mtunda wa mamita 70, koma amapumula akaponya isanu ndi umodzi.

Kuŵerenga mivi kumapeŵetsanso ngozi. Anyamata akamaphunzira pamodzi, onse aponye mivi yofanana, atule mauta pansi, kenaka akazule mivi yawo limodzi. Wothamangira kutsogolo mnzake akali kukoka uta angathe kulasidwa m'diso.