Kuyenda m'Nkhalango ya Dzalanyama

Munthu wobadwira kumudzi sayesa chire cinthu codabwitsa. Amapitako kukatola nkhuni, kukafula uci kapena kukasenda luzi, ndipo akatha nchito yace amabwerera kwao. Koma masiku ano kuli anthu ambiri, ana a sukulu pamodzi ndi aphunzitsi ao, anchito a m'matauni, ndiponso alendo ocokera kutsidya kwa nyanja, amene amalowa m'nkhalango opanda nkhwangwa kapena uta, angofuna kuyenda ndi kupenya zolengedwa. Nkhani ya lero iri ya ulendo wotere, ndipo malo ace ndi nkhalango ya Dzalanyama, kumwera cakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, pa malire a Malawi ndi Mozambique. Boma linaipatula m'caka ca 1922, ndipo kukula kwace ndi mahekitala 98,934.

Omvera a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe asayese kuti nkhaniyi ndi ya anthu a ku Lilongwe okha, pakuti mitengo ya ku Dzalanyama ndi yomweyo imene iri kuseri kwa midzi yao. Chire lotere limachedwa miombo, ndipo layala kuyambira ku Angola kufikira ku Tanzania ndi ku Mozambique, pa mahekitala ngati 270 miliyoni. Msasa ndi mnondo wa ku Zimbabwe, mutondo wa ku Zambia, mombo, tsamba ndi mcenga wa ku Malawi, yonseyi iri pa cibale cimodzi ndi nyemba za m'munda. Cifukwa cace mbeu zace ziri m'makoko, ndipo dzuwa likatentha makokowo amaphulika ndi phokoso, kumwaza mbeu kutali ndi tsinde.

Nyengo iri yonse iri ndi zace zoonetsa. Miyezi ya cisanu, kuyambira Meyi kufikira Julayi, njira zimakhala zouma ndipo munthu amayenda mtunda wautali osatopa. Kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala mitengo imaphuka masamba atsopano ofiira, ena ngati mkuwa, ena ngati magazi, mvula isanagwe ngakhale dontho. Imatero cifukwa mizu yace imafika pansi kwambiri, pamene pali cinyezi. Patapita masabata owerengeka masambawo amasanduka obiriwira. Mvula ikayandikira masuku amapsa, ndipo ikakhazikika bowa amamera. Bowa woyera uja amene ku Malawi amati ndelema, ku Zambia amati tente, ndipo ku Zimbabwe nhedzi. Bowa ameneyu amakhala pa mizu ya mitengo ya miombo: mtengo umampatsa cakudya, iye naupatsa madzi ndi zina za m'nthaka. Comweco mitengo ikadulidwa, bowa nayenso amasowa. Mlendo asazule bowa amene samdziwa, pakuti wina ndi wakupha. Afunse amai a m'midzi yoyandikira, amene adziwa mtundu uli wonse ndi dzina lace.

Wofuna kulowa m'nkhalango ya Boma ayambe waonana ndi anchito a za nkhalango, ndipo apeze mperekezi wodziwa njira, cifukwa mitengo ya miombo imafanana kwambiri ndipo kusokera sikucedwa. Anyamuke mbandakuca, atanyamula madzi akumwa ndi kamba pang'ono. Abvale nsapato zolimba ndi zobvala zosawala, pakuti malaya oyera amaonekera patali. Ayende pang'onopang'ono, mphepo ikumuomba kumaso, kuti pfungo lace lisatsogole kukacenjeza nyama. Apenye pamene aponda, cifukwa mphiri siithawa munthu monga zicitira njoka zina, imangogona cete m'njira. Asapise dzanja m'mphako kapena m'una. Pobwerera adziyang'ane m'miyendo ngati mwakwera nkhupakupa.

Mlendo woyamba kufika kawirikawiri amakhumudwa. Amayenda theka la ora osamva kanthu, nayesa kuti m'nkhalangomo mulibe mbalame. Koma mbalame za m'miombo ziri ndi mwambo wace, makamaka m'nyengo ya cisanu. Zimasonkhana mitundu yosiyanasiyana m'gulu limodzi, nthawi zina mitundu khumi kapena kuposa, ndi kuyenda pamodzi mtengo ndi mtengo. Gogomole amagogoda pa thunthu, timbalame tating'ono timafufuza m'masamba, ndipo nthengu imakhala pa nthambi kudikira tizirombo timene anzace atibvumbulutsa. Mwa njira imeneyi zonse zimadya, ndiponso maso akaculuka kabawi sapeza mpata. Tsono mlendo akamva kulira kwa mbalame zambiri pamalo amodzi, apite komweko, aime cete pa tsinde la mtengo, ndipo gululo lidzampitirira pamwamba. Pakati pa mbalame zimene alendo amadzera ku Dzalanyama pali gogomole wa Stierling, amene sapezeka kwina pa dziko lonse koma ku Malawi, kumpoto kwa Mozambique ndi kumwera kwa Tanzania.

Mbalame ina ya m'chire la miombo imene makolo anaidziwa bwino ndiyo nsadzu, imene imatsogolera munthu ku njuci. Imalira pafupi ndi iye, kuuluka pang'ono, kuteranso ndi kulira, kufikira atafika pa mtengo wa uci. Munthu amatenga uci, mbalame nidya phula ndi ana a njuci. M'caka ca 2016 Dr. Claire Spottiswoode ndi anzace anafalitsa zimene anapeza poyenda ndi Ayao ofula uci ku Niassa, m'dziko la Mozambique. Ayaowo ali ndi kaitanidwe kao ka mbalameyi, kakuti brrr-hm. Pamene mau amenewa anamveka, njuci zinapezeka pa maulendo 54 mwa 100, koma pamene panamveka mau ena wamba zinapezeka pa maulendo 17 okha mwa 100. Ici cinatsimikiza kuti mbalame ya kuthengo, yosawetedwa ndi munthu, imazindikira tanthauzo la kuitanako.

Kunena za nyama, mlendo asayembekeze magulu akulu onga a ku cigwa ca Luangwa. Nthaka ya miombo siiri yaconde kwenikweni, msipu wace suli wonona, ndiponso alenje ndi ochera misampha anacepetsa nyama za ku Dzalanyama, ngakhale dzina la malowo likumbutsa masiku amene zinali zodzala. Anyani ndi apusi amaoneka, ndipo mwina gwape amadumpha pafupi nathawa. Zina zimadziwika ndi zizindikiro zokha. Mperekezi wabwino amasonyeza mapazi a gwape pa mcenga wa m'khwawa, pamene nguluwe zinafukula mizu usiku, kapena munga wa nungu utagwa m'njira. Kuwerenga zizindikiro zotere ndi maphunziro enieni, ndipo akulu a m'midzi ndiwo aphunzitsi ace.

Kwa Acewa mapiri a Dzalanyama ali ndi mbiri ina yakuya. Makolo amati pa thanthwe la Kaphirintiwa ndi pamene Cauta anatsikira pamodzi ndi anthu oyamba ndi nyama zonse, thanthwe likali lofewa, kotero kuti mapazi ao anatsala pomwepo. Onse anakhala mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anapeka moto. Chire linayaka, nyama zinathawa ndi ukali, galu ndi mbuzi nathawira kwa munthu, ndipo Cauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Mlendo ayende m'malo otere ndi ulemu, ndipo afunse eni dziko asanapite pamene pali popatulika.

Za moto zimene makolo anasimba, anchito a za nkhalango anaziyesanso. Kuyambira m'caka ca 1933, pafupi ndi Ndola m'dziko la Zambia, anagawa chire m'zigawo. Cina anacitentha caka ndi caka udzu ukali wauwisi pang'ono, cina anacitentha mu Okutobala udzu utauma gwa, ndipo cina sanacitenthe konse. Zotsatira zace anazilemba C. G. Trapnell m'caka ca 1959. Pamene panapita moto woyambirira mitengo inakhalabe, koma moto wa mu Okutobala unapha mitengo ya miombo yambiri, pakuti umafika masamba atsopano atangophuka. Cifukwa cace woyenda m'nkhalango m'cirimwe asasonkhe moto, ndipo asataye ndudu yoyaka.

Bvuto lalikulu koposa ndi la makala. Mtsinje wa Lilongwe umacokera m'mapiri a Dzalanyama, ndipo madzi a m'mipopi ya mzindawo amacokera m'madamu awiri a pa mtsinjewu, limodzi la m'caka ca 1966, lina la mu 1989. Pamene pali mitengo, mvula imagwera pa masamba, kulowa pansi pang'onopang'ono, ndi kuturukira m'akasupe caka conse. Pamene mitengo yatha, madzi amathamanga tsiku limodzi, kukokolola nthaka ndi kukaiunjika m'damu. Kudula mitengo ya makala kunakula kotero kuti m'caka ca 2015 Boma linatumiza asilikali kukalonda nkhalangoyi. Koma makalawo amagulidwa m'mzinda womwewo umene umamwa madziwo, ndipo ambiri owaocha ndi amphawi osowa pena popezera ndalama. Mlendo wolipira mperekezi wa m'mudzi, nagula uci kapena masuku kwa eni dziko, amathandiza kuti mtengo woimirira ukhale ndi phindu kwa iwo.

Cokondweretsa ndi cakuti mitengo ya miombo siifa msanga. Citsa cikalekedwa, osacipsereza ndi moto, osacidulanso, cimaphuka mphukira zambiri, ndipo patapita zaka chire limabwerera. Aphunzitsi amene ali pafupi ndi chire lotere, kaya ku Dedza, ku Chipata kapena ku Marondera, angacite bwino kutenga ana ao m'mawa umodzi wa mwezi wa Seputembala, pamodzi ndi mkulu mmodzi wa m'mudzi, kuti anawo akaone masamba ofiira ndi kulemba m'makope ao maina a mitengo ndi a mbalame monga amachulira agogo ao.