Zimene a kafukufuku amalemba za mwana wanu zimathera kuti?

Kuno ku Domwe ndi kutsidya ku Dedza, akabwera a kafukufuku wa zaumoyo amamuyeza mwana pa sikelo, kumubaya chala, n'kulemba zonse papepala. Ambirife timangodinda chala osafunsa kanthu. Ena timathawa kumene, pokumbukira mphekesera za anamapopa zomwe zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017.

Zolembedwazo sizitayidwa. Amazisunga m'kompyuta, ndipo nthawi zina amagawana ndi akatswiri a mayiko ena. Bungwe la WWARN, lomwe lili ku yunivesite ya Oxford, linasonkhanitsa zolembedwa za odwala malungo oposa 7,000 kuchokera m'makafukufuku 26 a mankhwala a dihydroartemisinin-piperaquine. Kafukufuku mmodzi payekha analibe ana okwanira oti vuto lioneke bwino. Ataziphatikiza mu 2013, anapeza kuti ana ambiri a chaka 1 mpaka zaka 5 ankalandira mlingo woperewera, choncho malungo ankawabwerera. Mu 2015 bungwe la WHO linakweza mlingo wa ana osakwana makilogalamu 25. Palibe mwana amene anabayidwanso chala kuti zimenezi zidziwike.

Ndi nkhani yathunso ino. Katemera wa malungo wa RTS,S anayesedwa pa ana oposa 15,000 m'mayiko 7 kuyambira 2009 mpaka 2014, ena mwa iwo a ku Manhiça ndi a ku Lilongwe.

Koma pali pofunika kuchenjera. Asanatumize zolembedwa, amachotsa dzina n'kuikapo nambala, ndipo buku losonyeza mwini nambala limakhomeredwa m'kabati. Ine ndikuona kuti kwa ife a kumudzi zimenezi pazokha sizikwanira. Akalemba kuti mayi wa zaka 43, wa mudzi wakuti, wa mapasa, ali ndi kachilombo ka HIV, ndani pamudzipo angalephere kumudziwa? Ngakhale mwana wopita kudimba akulozerani nyumba yake. N'chifukwa chake ofufuza osamala amabisanso dzina la mudzi ndi tsiku lobadwa.

Ku Mozambique kafukufuku wotere amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali. Yaikulu ndi Comité Nacional de Bioética para a Saúde. Ku Malawi kuli komiti ya NHSRC.

Musanadinde chala, auzeni akuwerengereni kalata ya chilolezo m'Chichewa, osati m'Chipwitikizi chokha, pali mboni imene mwaikhulupirira. Funsani kuti magaziwo asungidwa zaka zingati, ngati adzatuluka m'dziko muno, komanso amene adzaloledwe kuona zolembedwazo. Kalata ina muisunge kunyumba, chifukwa pamakhala nambala ya foni yodandaulirako. Mukakana, kapena mukasintha maganizo pakati pa kafukufuku, mwana wanu alandirabe mankhwala kuchipatala monga mwa nthawi zonse.