Tiwathandize ana kuzindikira mitundu ya miyala

Ana amasewera ndi miyala tsiku ndi tsiku, koma ambiri sadziwa kuti maonekedwe a mwala amasonyeza mmene mwalawo unapangikira. Makolo ndi akatekisiti angathe kuwaphunzitsa zimenezi popanda kugula zida zodula.

Akatswiri amagawa miyala m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la miyala yomwe inali yosungunuka chifukwa cha kutentha kwa pansi pa dziko, kenako n'kuzizira ndi kuuma. Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndi la miyala yotere, ya granite ndi syenite. Mwana akaiyang'anitsitsa amaona timadontho tonyezimira tosakanikirana.

Gulu lachiwiri linapangika pamene mchenga, matope kapena zomera zakufa zinaunjikana ndi kupsinjana kwa zaka mamiliyoni ambiri. Miyalayi kawirikawiri imaoneka yosanjikizana ngati masamba a buku. Malasha a ku Mchenga m'boma la Rumphi ndi a gulu limeneli, ndipo mafupa a chinyama chakale chotchedwa Malawisaurus anapezeka m'miyala yotere ku Karonga.

Gulu lachitatu ndi la miyala yakale yomwe inasinthika chifukwa cha kutentha ndi kupanikizika, koma osasungunuka. Mwala wa gneiss, womwe ndi wofala kwambiri m'Malawi muno, umadziwika ndi mizere yoyera ndi yakuda.

Pophunzira, ana atole miyala ingapo, aitsuke ndi kulemba malo omwe aipeza. Ayambe aikanda ndi chikhadabo, kenako ndi msomali, kuti aone wolimba ndi wofewa. Mwala woyera wa quartz sukandika ndi msomali, ndipo umatha kukanda botolo lagalasi. Mwala wa laimu, womwe amapangira simenti, umatulutsa tithovu akaudonthezera viniga, makamaka akayamba aupala pang'ono.

Chonde tisamale moyo wa ana. Atembenuze miyala ndi ndodo poopa njoka ndi zinkhanira, asaiphwanye poopa kuvulala maso, ndiponso asalowe m'maenje omwe anthu amakumbamo miyala.

Adziwenso kuti miyala ina siyoyenera kukandidwa. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 okhala ndi zojambula za makolo akale pamatanthwe, omwe bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zotere zikafufutika sizingabwezeretsedwenso.