Kutentha kwa chinthu choyesedwa mu njira ya LIBS

Laser-induced breakdown spectroscopy, yomwe mwachidule imatchedwa LIBS, ndi njira yodziwira maelementi amene ali m'chitsulo, m'mwala kapena m'dothi pogwiritsa ntchito kuwala kwa laser. Kutentha kapena kuzizira kwa chinthu choyesedwacho kumasintha mphamvu ya kuwala kumene makina amawerenga. Choncho chinthu chimodzimodzi chikhoza kuonetsa zotsatira zosiyana chikayesedwa chili chozizira ndi pamene chili chotentha.

Mmene njirayi imagwirira ntchito

Makina ambiri amagwiritsa ntchito laser ya Nd:YAG, yotulutsa kuwala kwa mananomita 1064 kwa kanthawi ka mananosekondi ochepa. Kuwalako kumalunjikitsidwa pa kadontho kakang'ono. Pamalopo pamasungunuka, n'kusanduka nthunzi, kenako plasma, womwe ndi mpweya wotentha kwambiri moti maatomu ake amataya maelekitironi. Kutentha kwa plasma kumafika madigiri 10,000 kapena kuposerapo. Ikamazirala, elementi iliyonse imatulutsa kuwala kwakekwake. Mwachitsanzo, sodium imawala mwachikasu pa mananomita 589. Mtundu wa kuwala umasonyeza elementi, ndipo mphamvu yake imasonyeza kuchuluka kwa elementiyo.

Zimene kutentha kumasintha

Kawirikawiri chinthu chikatenthedwa kaye chisanawombedwe ndi laser, kuwala kwa plasma kumakula. Zifukwa zikuluzikulu ndi zitatu. Choyamba, chitsulo chotentha sichibweza kuwala ngati chozizira, motero chimamwa mphamvu yambiri ya laser. Chachiwiri, chimakhala chitayandikira kale posungunukira, ndiye mphamvu yochepa yokha imakwanira kuchisungunula. Chachitatu, zitsulo zambiri zikatentha sizifalitsa msanga kutentha, choncho mphamvu imaunjikana pamalo owombedwapo. Zotsatira zake n'zakuti kadzenje kamakula ndipo maatomu ambiri amalowa mu plasma. Kutentha kwa plasma yeniyeniyo sikusintha kwambiri. Chimene chimachuluka ndi maatomu owala.

Mpweya wozungulira nawonso umakhudzidwa. Mpweya ukatenthedwa kuchoka pa madigiri Celsius 27 kufika pa 327, umapepuka ndi theka. Mpweya wopepuka sukanikiza plasma mwamphamvu, ndiye plasma imatambasuka kwambiri ndipo maelekitironi ake amatalikirana. Izi zikhoza kuchepetsa kuwala kofika ku makina, n'chifukwa chake kuwala sikukula mofanana pa zinthu zonse.

Kufunika kwake

Makina a LIBS amaphunzitsidwa poyesa zinthu zodziwika kale zam'kati mwake, nthawi zambiri m'chipinda chosatentha. Koma m'mafakitale amayesa zitsulo zotentha ndi zosungunuka, monga aluminiyamu yomwe imasungunuka pa madigiri 660. Ngati kusiyanaku sikuganiziridwa, makina akhoza kuonetsa elementi yambiri kuposa imene ilimo, ndipo chitsulo chosakanizidwa molakwika chikhoza kuvomerezedwa. Vutoli limapezekanso ku mbali ya kuzizira. Galimoto ya Curiosity, yomwe inatera pa Mars mu 2012, imayesa miyala yozizira ndi chipangizo cha ChemCam ili pa mtunda wofika mamita 7.

Pofuna kupewa zolakwika, asayansi amatenthetsa zinthu zophunzitsira makina kuti zifanane ndi zoyesedwa. Njira ina ndi kuyerekezera kuwala kwa elementi yofunidwayo ndi kwa elementi yochuluka m'chinthucho, monga ayironi m'chitsulo, popeza zonse ziwiri zimakwera kapena kutsika pamodzi.